Timizere pa boneti ya galimoto yakuda

Mu Okutobala ndinapita ku Senga Bay pa Toyota Vitz yanga yakuda. Titabwerako, mwana wa achemwali anaitsuka ndi kansanza komwe kanali katagwera mumchenga. Dzuwa litawomba pa boneti, timizere tozungulira tinali mbwee ngati ukonde wa kangaude.

Ndinathamangira wax, phula loteteza ndi kuwalitsa penti, n'kupaka masana chitsulo chili moto. Zinangoipiraipira: wax anauma msanga n'kusiya zigamba zoyera. Dzuwa la kuno ku Salima silinyengerera munthu.

Mawa lake ndinalawirira 5 koloko, chitsulo chikadali chozizira. Ndinatsukanso, n'kupukuta ndi nsalu ya microfiber. Kenako glaze, mankhwala obisa timizere pa penti: timadontho tinayi pa padi yofewa ya siponji, makina opolishira akuzungulira pang'onopang'ono, kachigawo kamodzikamodzi. Padi yolimba ndinaisiya dala, imadya penti. Glaze sachotsa timizere ayi, amangotidzaza ndi mafuta ake, ndiye popanda wax pamwamba, mukatsuka kawiri katatu timabwereranso. Wax anabwera pomaliza, wochepa kwambiri, pa padi ina yosagwiritsidwapo ntchito.

Mzere umodzi wapachitseko, womwe chikhadabo chimakodwamo, ulipobe. Kansanza kaja ndinakataya kudzala, mphwangayo akuonerera.