Musanasankhe tcheyamani kapena mwamuna, musakhulupirire suti

Amayi ndi abambo a m'magulu osungitsa ndalama kuno ku Chipata, nthawi yosankha atsogoleri ikafika, chenjerani ndi maso anu. Munthu wamtali, wovala suti yosita bwino, wolankhula mosadodoma, timafulumira kumuyesa wanzeru ndi wokhulupirika, chonsecho sitinamuonepo akusunga ngakhale K50 ya mnzake. Katswiri wa maganizo a anthu, Edward Thorndike, analemba za chizolowezi chimenechi mu 1920: tikaona chabwino chimodzi pa munthu, timamupatsanso zabwino zina zomwe sitinazione n'komwe.

Ndiye musanakweze dzanja, funsani kaye. Ngongole yapitayi anabweza pa tsiku lake? Maliro akagwa m'mudzi, amathandiza adzukulu kumanda, kapena amangofuna mpando wakutsogolo?

Atsikana, inunso chimodzimodzi, ndipo apa mpamene mtima umandipwetekera. Suti ya salaula ku msika wa Kapata aliyense angagule. Mwamuna amene akukufunsirani, pitani naye kumsika, mukamve mmene amayankhulira mayi wogulitsa tomato akachedwa kumubwezera chenji. Musathamangire kwa ankhoswe. Atumeni amalume akafufuze kwawo kaye, makamaka mmene amasamalira amayi ake akadwala.