Momwe mungachunire kompyuta ya injini mutachotsa kabuleta n'kuika ma injector

Mwachotsa kabuleta pa Hilux yakale ya injini ya 4Y kapena pa Nissan 1400, mwamanga ma injector, pampu yatsopano ndi kompyuta imene amakaniko amaitcha ECU. Galimoto yalira, koma ikutulutsa utsi wakuda ndipo ikutsamwa mukaponda moto. Vuto si zitsulozo ayi. ECU, kaya ndi Megasquirt, Speeduino kapena Dicktator, imabwera isakuidziwa injini yanu, ndipo muyenera kuiphunzitsa mwadongosolo.

Mukhale ndi laputopu yokhala ndi pulogalamu ya ECU yanu, monga TunerStudio ngati ndi Megasquirt kapena Speeduino. Pafunikanso timing light (tochi younikira timing), geji yoyezera mphamvu ya mafuta, ndi sensa ya wideband ya pa ekizozi, yoonetsa ngati mafuta achuluka kapena achepa poyerekeza ndi mpweya, monga Bosch LSU 4.9. Popanda wideband musayambe n'komwe, chifukwa mudzangolosera.

Choyamba, mafuta ndi magetsi. Pampu ya kabuleta sifika ngakhale theka la bar, pomwe ma injector ambiri amafuna 3 bar. Yezani mutazula kapaipi ka vacuum pa regulator. Mapaipi a mafuta akhale opirira mphamvu imeneyi, osati akale aja. Mawaya a earth a ECU amangidwe pa injini penipeni, pa chitsulo chopalidwa bwino.

Chachiwiri, onani ngati masensa akunena zoona. Galimoto igone usiku wonse, m'mawa tembenuzani kiyi osailiza. Sensa ya madzi ndi ya mpweya zionetse kutentha kofanana. Sensa ya MAP, yoyeza mphamvu ya mpweya wolowa mu injini, mu tauni ya Zomba iwerenge pafupifupi 91 kPa, osati 101 ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 900. Sensa ya pa throttle ionetse 0 phazi lili pambali ndi 100 mukaponda mpaka pansi.

Chachitatu ndi timing, nthawi imene mapulagi amathetheka moto, ndipo apa m'pamene injini zambiri zimafera. Mu pulogalamu, khomani timing pa madigiri 10, lizani injini, n'kuunika chizindikiro cha pa pulley ndi timing light. Chikapanda kuima pa 10, sinthani nambala ya trigger angle mpaka laputopu ndi pulley zigwirizane. Kenako kwezani injini kufika 3,000 rpm mukuunikabe. Chizindikirocho chikamathawa pamalo pake, kawirikawiri mawaya awiri a sensa ya pa gudumu la mano limene ECU imawerengera kuzungulira kwa injini, lija la 36-1 kapena 60-2, alumikizidwa mozondoka. Konzani izi musanakhudze tebulo la mafuta, ndipo mukatha musaiwale kumasula timing mwakhoma ija.

Chachinayi, lembani manambala enieni: kukula kwa injini, monga 2,237 cc pa 4Y, masilinda 4, kukula kwa ma injector, ndi nthawi imene injector imachedwa kutseguka, yomwe pa ambiri ili pafupi ndi 1 ms. Nambala yomalizayi ikalakwika, injini imasintha kaliridwe mukangoyatsa nyali.

Tsopano mafuta. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, choncho nambala ya 14.7 (magawo a mpweya pa gawo limodzi la mafuta) imene mumaiona pa intaneti ndi ya petulo wosasakaniza. Ethanol akakhala 10 pa 100 imatsika kufika 14.1, akakhala 20 pa 100 ifika cha pa 13.5. Njira yachidule ndi kuuza pulogalamu kuti izionetsa lambda, nambala imene imapyola 1.00 mafuta akachepa n'kutsika akachuluka, ndipo sisamala kuti m'thanki muli msanganizo wanji. Injini ikamalira yokha kapena mukamayenda mofatsa, lambda ikhale 1.00. Mukaponda mpaka pansi, pa injini yopanda turbo ikhale pakati pa 0.85 ndi 0.88.

Dikirani injini itenthe kupitirira madigiri 80. Masamu ake ndi awa: nambala ya m'kabokosi ka tebulo la mafuta lija, lotchedwa VE, muichulukitse ndi lambda imene mukuona, n'kugawa ndi imene mukufuna. Kabokosi kali pa 60, wideband ikuti 1.10, inu mukufuna 1.00, ndiye lembani 66. Wideband ikamanena kuti mafuta achepa pomwe mapulagi ali bii ndi mwaye, funani pomwe ekizozi ikudontha mpweya sensa isanafike, kapena silinda imene sikuwotcha.

Pamsewu mukhale awiri, wina pachiwongolero wina pa laputopu. Yambirani pa M3 kulowera ku Domasi, pa giya imodzi, phazi losagwedezeka, kuti kabokosi kalikonse kapeze nthawi yake. Mukakhutira, kwerani msewu wa Ku Chawe. Chitunda chimenechi chimaulula zonse, chifukwa injini imalemedwa ili pa rpm yotsika. Tsegulani windo mumvetsere. Mukamva kaphokoso ngati timiyala m'chitini, chotsani phazi msanga, bwezani timing madigiri 2 pa mabokosi amenewo, muyesenso. Kuumirira kumaboola pisitoni. Onaninso kuti ma injector asamakhale otseguka kupyola 85 pa 100 ya nthawi. Akapyola ndi aang'ono, kapena pampu yafooka.

Pali msampha wina wa ife a ku Zomba. Kuno MAP singapyole 91 kPa, ndipo pamwamba pa phiri imatsikanso kuposa apo, kotero mizere ya 95 ndi 100 kPa simudzaikhudza konse. Tsiku lotsikira ku Liwonde, komwe mpweya ndi wochuluka komanso wotentha, injini idzalowa m'mabokosi osachunawo. Adzazeni pamanja potsata momwe mizere yapansi ikukwerera, muonjezere mafuta pang'ono, mubwezenso timing digiri imodzi kapena ziwiri, kenako mukayesere komweko masana dzuwa lili phwee.

Mafuta oonjezera poponda moto mwadzidzidzi achuneni tebulo la VE litakhazikika, apo ayi adzabisa zolakwika. Kuliza injini yozizira kubwere pomalizira, ndipo mwayi wake ndi umodzi patsiku, m'mamawa. Miyezi ya June ndi July ndiyo yabwino pa ntchitoyi. Ikalira n'kuzima pakapita masekondi awiri, onjezerani mafuta a pambuyo poliza. Ikamanunkha petulo ndipo mapulagi anyowa, chepetsani a nthawi yopukusa. Sinthani chinthu chimodzi chokha m'mawa uliwonse, ndipo fayilo iliyonse muisunge ndi deti lake, ina pa flash.