Kusamalira mayi wa m'chikuta Covid-19 itazilala

Covid-19 italowa mu Mozambique mu Malichi 2020, anthu ambiri anayamba kuopa mizere ya kuchipatala. Matendawo anazilala, koma mayi akapitiriza kubindikira pakhomo atachira, mavuto ake amaoneka mochedwa.

Yambirani ku matenite komweko. Mayi asatuluke maola 24 asanakwane, chifukwa kutaya magazi koopsa kumachitika kwambiri tsiku loyambali. Potuluka funsani anamwino masiku obwerera, muwalembetse pa khadi: tsiku lachitatu, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso sabata yachisanu ndi chimodzi. Asamangopima mwana yekha. Mayi nayenso amuyeze BP, aone bala ndi mabere, apatsidwe mapiritsi owonjezera magazi.

Kunyumba, amene akugona naye, kaya ndi apongozi kaya mchemwali, adziwe zizindikiro zosadikira kuti kuche: magazi onyowetsa nsalu ziwiri kapena zitatu m'theka la ola, kutentha thupi, zotuluka kumaliseche zonunkha, mutu waukulu pamodzi ndi kusaona bwino, kukomoka, kupuma mobanika, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa. Mutu wotere musauthamangire ndi panado, nthawi zambiri ndi BP yokwera. Ndalama ya njinga yamoto isungidwe padera mwana asanabadwe, makamaka kumidzi ya ku Macanga ndi Chifunde kumene chipatala chili kutali.

Za mumtima ndiye zimene mabanja amazinyalanyaza. Kulira popanda chifukwa masiku oyamba kumachitika ndipo kumatha. Koma zikapitirira masabata awiri, mayi osagona ngakhale mwana ali mtulo, osafuna kudya, osakondwa ndi khanda lake, amenewo ndi matenda, si ulesi kapena mwano. Mufunseni muli awiri, mumuchotsere ntchito ya kumjigo ndi kumunda, ndipo mupite naye kwa anamwino kapena APE, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Akatchula zodzivulaza, pitani tsiku lomwelo.

Mayi akagwidwa chimfine asaleke kuyamwitsa. Asambe m'manja ndi sopo, avale masiki, mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6.

Onaninso khadi la katemera, la khanda ndi la achimwene ake amene anabadwa nthawi ya mliri. Mu 2022 poliyo inapezeka kuno ku Tete, kuyambira ku Changara. Kwathu katemera amabayidwa pobadwa, kenako pa miyezi 2, 3 ndi 4, pamene ku Malawi amawerenga masabata 6, 10 ndi 14. Ngati mumakhala kumalire ku Angónia kapena Tsangano ndipo mumapita kusikelo mbali zonse ziwiri, nyamulani khadi limodzi lomwelo kuti anamwino aone zimene zatsala.