Kusamutsa thanki ya makorali kuno ku Harare

Ngati mukusamuka ndi thanki ya nsomba za m'madzi amchere, kaya ndi pafupi ngati kuchoka ku Avondale kupita ku Mabelreign, yambani mwakonza madzi kunyumba yatsopanoyo. Kuno nyanja ili kutali, mpaka ku Beira, ndiye madziwo muchita kusakaniza nokha. Sungunulani mchere wake m'madzi a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis) kukadali tsiku limodzi, ufike 1.025 pa refractometer (kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi), kutentha kukhale 25°C. A pampopi kapena a borehole musayerekeze n'komwe.

Nsomba musazidyetse dzulo lake, kuti zisadetse madzi panjira. Ziikeni m'zidebe zotsekera, makorali lililonse m'thumba lakelake, chifukwa akakhudzana amaotchana. Miyala ya m'thanki, imene timaitcha yamoyo, isaume ngakhale pang'ono, muli mabakiteriya amene amachotsa ammonia, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba. Imizeni m'madzi akale a m'thankimo.

Mchenga ndiye umavutitsa. Mukauvundula umatulutsa zonyansa zonse zimene zinabisala pansi, nthawi zina mpaka fungo la dzira lovunda. Ine ndimati gulani watsopano, mungosungako kapu imodzi ya wakale wapamwamba.

Thanki inyamulidwe yopanda kanthu. Madzi otsalira pang'ono, ndi maenje a m'misewu yathuyi, silikoni yomatira magalasi m'makona imatha kumasuka.

Musadalire kuti mukapeza magetsi. Khalani ndi kapampu ka mpweya ka mabatire, ndipo ngati ndi June kapena July fundikani zidebe ndi bulangete. Mukamaliza kuika zonse, yezani ammonia tsiku lililonse kwa mlungu wathunthu, chakudya chikhale chochepa.