Werengani masekondi: mmene mungadziwire kutalikira kwa mphenzi, chivomezi ngakhale nyenyezi

Nyengo yotentha ikafika, mitambo ija nkuyamba kuunjikana masana ngati milu ya thonje, ine ndimatenga kakope ndi bolopeni nkukhala pawindo kumawerenga masekondi. Ndikufuna nanunso muyese, chifukwa sizilira chipangizo chodula, wotchi kapena foni basi, ndipo mukazolowera muona kuti njira yomweyi imagwira ntchito pa mphenzi, pa chivomezi, ngakhale pa nyenyezi zomwe mumaziona usiku. Mfundo yake ndi imodzi yokha, chinthu chikachitika patali uthenga wake sufika kwa inu nthawi imodzi, wina umathamanga wina umatsalira, nde mpata wa pakati pakewo ndi umene ukuuzeni mtunda.

Tiyambe ndi mphenzi poti ndiyo yosavuta. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti kukang'anima mwaona pompo, palibe kudikira. Koma phokoso ndi laulesi, mumpweya limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, nde kilomita imodzi limaimaliza pa masekondi atatu. Chochita chake ndi ichi: kukangong'anima yambani kuwerenga, bingu likagunda imani, nambala mwapezayo igaweni ndi 3. Mwawerenga 9, mphenziyo ili pa makilomita 3. Mwawerenga 15, makilomita 5. Vuto la anthu ambiri ndi kuthamangitsa kuwerengako chifukwa cha mantha, nde bola kugwiritsa ntchito stopwatch ya pafoni, kapena muyambe mwayeserera ndi wotchi tsiku lina kuli zii mpaka pakamwa panu pazolowere kutalika kwa sekondi.

Musalekere kamodzi. Werengani katatu kanayi motsatizana nkumalemba pamodzi ndi nthawi yake, chifukwa nambala imodzi ikungokuuzani pomwe mvula ili koma manambala angapo akuuzani komwe ikulowera, mukaona 24, kenako 18, kenako 12, dziwani kuti ikubwera kwa inu ndipo ikufulumira. Mvetseraninso mamvekedwe a bingulo. Lapafupi limangoti phwaa kamodzi ngati chinthu chang'ambika, lakutali limagudubuzika nthawi yaitali, ndipo chifukwa chake nchoti mphenzi si kadontho, ndi njira yaitali makilomita angapo yokhotakhota mumlengalenga, nde phokoso la mbali yapafupi limafika msanga la mbali yakutali nkumabwera pambuyo. Mpweya wa munjiramo umatentha mwadzidzidzi kufika madigiri pafupifupi 30,000, kuposa pamwamba pa dzuwa kasanu, umafufuma mwamphamvu, kufufumako nde bingu lija. Ndipo zija zimang'anima chapansi pathambo usiku wotentha popanda phokoso sikuti ndi mtundu wina wa mphenzi ayi, ndi mvula ya mabingu yomweyo koma ili kutali kwambiri moti phokoso lathera panjira, bingu silimveka kawirikawiri kupitirira makilomita 15 kapena 20.

Apa ndikupempheni ndi mtima wonse, kuwerengaku muchitire mkati mwa nyumba. Mukapeza masekondi osafika 30 nde kuti ili mkati mwa makilomita 10 ndipo ikhoza kukufikani, lowani mnyumba kapena mgalimoto ya denga lachitsulo, osabisala pansi pa mtengo woima paokha, osakhala pabwalo loyera kapena mmadzi, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatuluke. Anthu ambiri amavulala mvula isanayambe kugwa kapena itangokata kumene, poganiza kuti zatha.

Tsopano chivomezi, chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa nkhani yonseyi. Miyala ikathyoka kapena kutsetsereka pansi pa nthaka imatumiza mafunde amitundu iwiri. Oyamba akatswiri amawatchula kuti P, amakankha ndi kukoka nthaka ndipo amathamanga makilomita pafupifupi 6 pa sekondi, mumawamva ngati chinthu chagunda khoma kamodzi kapena ngati chilole chikudutsa pafupi, mawindo nkuchita phokoso pang'ono. Achiwiri ndi S, amayenda makilomita pafupifupi 3.5 pa sekondi, ndipo awa ndi amene amagwedeza zinthu uku ndi uku, madzi mundowa nkumakhavuka. Mpata wa pakati pa kugunda koyamba ndi kugwedezeka kwenikweni muuchulukitse ndi 8, mupeza makilomita mongoyerekeza. Masekondi 5 nde kuti makilomita ngati 40, masekondi 12 nde chafupi ndi 100. Zikabwerera limodzi popanda mpata nde kuti chachitikira pafupi zedi. Akatswiri amachitanso zomwezi ndi makina awo, kungoti amatenga malo atatu osiyana, pamalo aliwonse nkujambula mzere wozungulira pamapu molingana ndi mtunda womwe apeza, pomwe mizere itatuyo yakumana mpomwe chayambira.

Koma chikakhala champhamvu iwalani zowerenga. Gwadani pansi, lowani kunsi kwa tebulo lolimba, tchingani mutu ndi khosi, gwirani mwendo wa tebulolo mpaka kugwedezeka kutatha. Osathamangira pakhomo kukugwedezeka chifukwa njerwa ndi magalasi zimagwera pomwepo. Ngati muli mphepete mwa nyanja yaikulu ndipo chagwedeza mwamphamvu kapena nthawi yaitali, chikangoleka thawirani kumtunda osadikira wina akuuzeni, tsunami, mafunde aakulu obwera chifukwa cha chivomezi cha pansi pa nyanja, ya pa 26 December 2004 mu Indian Ocean inapha anthu oposa 200,000 ndipo ambiri sankadziwa kuti madzi akabwerera mmbuyo modabwitsa ndi chizindikiro choopsa. Zolemba zibwere pambuyo: nthawi yeniyeni, munali pati, munakhala pansi kapena mumayenda, nyale yolendewera inagwedezeka kulowera mbali iti, chinagwa nchiyani. Bungwe la ku America la USGS lili ndi tsamba pa intaneti lotchedwa Did You Feel It? lomwe limalandira malipoti otere kuchokera kwa anthu wamba dziko lililonse, ndipo pomwepo mutha kufananitsa kuyerekeza kwanu ndi zomwe makina apeza. Mukamawerenga manambala awo osonyeza kukula kwa chivomezi kumbukirani kuti chivomezi cha 6 sikuti changoposa cha 5 pang'ono, mphamvu yake ndi yochuluka pafupifupi ka 32, ndipo chachikulu kwambiri chomwe chinayezedwapo ndi cha ku Chile mu 1960, cha 9.5.

Mapiri ophulika ambirife sitidzawaona ndi maso, komabe uthenga wake umatipeza mochedwa momwemo. Krakatoa ataphulika mu August 1883 ku Indonesia, phokoso lake linamveka pachilumba cha Rodrigues mu Indian Ocean, pamtunda wa makilomita pafupifupi 4,800, patapita maola anayi, tangoganizani kuwerenga masekondi kwa maola anayi. Hunga Tonga, phiri la m'nyanja ya Pacific, ataphulika pa 15 January 2022, funde la mpweya linazungulira dziko lonse ndipo timakina toyezera kulemera kwa mpweya mmaiko akutali tinalemba kadumpha patapita maola ambiri. Mafoni ena ali nako kachipangizo kameneka mkati, barometer, nde ngati yanu ili nako pezani app yolemba manambala ake tsiku lonse, ikuthandizaninso pa nyengo chifukwa manambalawo akamatsika mofulumira kawirikawiri kukubwera mphepo kapena mvula. Uthenga wochedwa kwambiri ndi wa mtundu wa thambo. Mpweya wa sulfure wochokera kuphiri lophulika ukakwera pamwamba zedi umafalikira kwa miyezi, nde madzulo dzuwa litalowa kumafiira mwachilendo kapena kuoneka kofiirira mpaka nthawi yaitali. Pinatubo wa ku Philippines mu 1991 anachita zimenezi mpaka dziko lonse linazizirako ndi theka la digiri chaka chotsatira. Mukope mwanu muzilemba mtundu wa kumadzulo mphindi 20 dzuwa litalowa, mawu awiri atatu basi, tsiku lomwe kudzasinthe mudzakhala ndi pofananitsira.

Usiku kukayera mvula itakata, thambo limakhala losambitsidwa bwino, nde tulukani. Zimitsani magetsi apafupi, foni mthumba, ndipo mupatse maso mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, mukangoyang'ana sikirini kamodzi mwayambiranso. Ngati mukufuna kulemba kulungani tochi ndi kapepala kapulasitiki kofiira. Pano palibe masekondi oti muwerenge ndi pakamwa koma kuchedwa kuja kulipobe, kungoti tsopano wochedwa ndi kuwala komwe. Mwezi mukuuona mmene unalili sekondi imodzi ndi pang'ono yapitayo, dzuwa mphindi 8. Funani Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija za mu gulu la nyenyezi lotchedwa Orion, zimaoneka bwino madzulo kuyambira December mpaka March, yomwe ndi nyengo yotentha kummwera kwa dziko lapansi koma yozizira kumpoto. Tsatirani mzere wake mbali imodzi mufika pa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, kuwala kwake kwayenda zaka 8.6 kuti kufike mmaso mwanu. Mbali inayo mudutsa nyenyezi yofiirira ya Aldebaran nkufika pa kagulu ka Nsangwe, komwe kuwala kwake kunanyamuka zaka zoposa 400 zapitazo.

Kusiyanitsa zomwe mukuona sikovuta. Yothwanimathwanima ndi nyenyezi, yowala mokhazikika ndi pulaneti, ndipo Nthanda ija yowala kwambiri mbandakucha kapena chakumadzulo ndi Venus, simudzaipeza pamwamba pamutu pakati pausiku chifukwa siitalikirana ndi dzuwa. Kakuwala koyenda mwakachetechete osaphethira ndi satelayiti, kophethira ndi ndege. Yowala kwambiri yodutsa kwa mphindi zochepa ikhoza kukhala International Space Station, chombo cha mmlengalenga momwe mumakhala akatswiri ofufuza, ili makilomita pafupifupi 400 mmwamba ndipo imazungulira dziko pa mphindi ngati 90. Mukakhala ndi mabainokyula tsamiritsani zigongono pakhoma muloze Jupiter, muona timadontho mpaka tinayi pamzere, imeneyo ndi miyezi ya Jupiter yomwe wasayansi Galileo anaiona mu 1610, tijambuleni mukope lero nkudzajambulanso mawa, muona tasintha malo.

Ntchito yoti muyambe nayo sabata ino nayi. Sankhani malo amodzi oimapo ndi chizindikiro chimodzi, kaya nsonga ya denga kaya mtengo wamagetsi, ndipo mulembe nthawi yomwe nyenyezi ina yowala yafika pa chizindikirocho. Mawa idzafika mofulumira ndi mphindi pafupifupi 4, pakutha pa mwezi maola awiri. Mwezi wakumwambawo umachita zosiyana, umatuluka mochedwa tsiku lililonse ndi mphindi ngati 50, pena kuchepera pena kuposa. Muime pomwepo ndithu tsiku lililonse, ikani kamwala pansi kuti phazi lisasunthe, chifukwa mukasuntha ndi sitepe imodzi yokha mphindi 4 zija zisokonekera.