Momwe mungachotsere litsiro logwirana m'makapeti a m'maofesi, ndi makina oyenera ntchitoyi

Kapeti wa pakhomo la banki, wa m'chipinda cha misonkhano ku loji kapena wa pakati pa mabenchi m'tchalitchi amatha mofanana. M'mbali mwa khoma mtundu wake umakhala ukadalipo, koma pakati, pomwe anthu amaponda tsiku ndi tsiku, pamatuluka kanjira kakuda, kolimba gwa, ulusi wake utagona. Oyeretsa ambiri akaona zotere amathamangira ndowa, sopo wa ufa ndi burashi. Kapeti amawala sabata imodzi, kenako kanjira kaja n'kubwerera kakuda kuposa kale, kataonjezera ndi fungo la chinyezi. Cholakwika chimakhala chimodzi: madzi afika msanga, ndiponso achuluka.

Litsiro la m'kapeti lili pawiri. Lochuluka kwambiri ndi louma: mchenga, fumbi la katondo la mu Seputembala ndi Okutobala, ndi matope a m'dzinja amene adaumira momwemo. Linalo ndi lomata: oyilo wa poimika magalimoto, tiyi wa shuga, mafuta a kukhitchini, ndi polishi wofiira wa pakhonde amene nsapato zimalowa naye m'nyumba. Lomatali limagwira loumalo, mapazi n'kumatsendera. Ntchito yonse ndi kuzimasula ziwirizi, chilichonse panthawi yake.

1. Dziwani kaye kapeti amene muli naye

Dulani kaulusi pakona yobisika, mukamize m'tambula ya madzi momwe mwadonthezamo sopo pang'ono. Kakayandama, ndi polypropylene, ulusi wopangidwa ndi pulasitiki. Nayiloni ndi ubweya wa nkhosa zimamira. Kuti musiyanitse ziwirizi, yatsani kaulusi kena ndi machesi muli panja: ubweya umanunkha tsitsi lopsa ndipo phulusa lake limafumbutuka, pomwe nayiloni amasungunuka n'kusiya kambulu kolimba.

Izi ndi zomwe zikuuzeni mankhwala ogula. Ubweya umafuna ofatsa, a pH ya pakati pa 5 ndi 8 (pH ndi nambala yoyezera ukali wa mankhwala: 7 ndi pakatikati, yotsika ndi ya asidi, yokwera ndi ya mankhwala onga soda). Nayiloni musamupyoletse pH 10. Polypropylene amapirira amphamvu, koma amakonda kuyamwa mafuta, choncho amafuna mankhwala osungunula mafuta. Jik asayandikire: amadya ubweya ndipo amasukulutsa nayiloni mosabwezeka. Musamusakanizenso ndi mankhwala ena alionse, chifukwa mpweya wotulukapo ndi woopsa.

Yang'ananinso m'malumikizo. Maofesi ambiri masiku ano ali ndi makapeti a timabwalo ta masentimita 50 mbali zonse, tomatidwa ndi guluu, ndipo madzi akalowa pansi guluuyo amafooka, makona n'kuyamba kutukuka. Pomaliza, donthezani mankhwala pamalo obisika, mutsindike ndi nsalu yoyera. Nsaluyo ikatenga mtundu wa kapeti, sinthani mankhwala.

2. Chotsani louma lonse madzi asanafike

Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo m'pamene ambiri amadumpha. Katondo akakumana ndi madzi amasanduka matope, ndipo kufiira kwake, kochokera ku dzimbiri la chitsulo cha m'nthaka, kumalowerera mu ulusi. Dothi lomwe likadatuluka mosavuta lili louma mudzalimbana nalo tsiku lonse likanyowa.

Gwiritsani ntchito huva (makina okoka fumbi) yokhala ndi burashi yozungulira kumunsi kwake, yomwe imagwedeza ulusi kuti mchenga ukwere. Huva yongokoka mpweya imatola za pamwamba zokha. Yendetsani pang'onopang'ono, makamaka pobwerera m'mbuyo, chifukwa kuthamanga sikufika: burashi imafuna nthawi kuti ifukule. Mukamaliza kuyenda mulitali mwa chipinda, yambiraninso mopingasa.

Pa kanjira kogwirana paja huva yokha siikwanira. Palani kaye ndi burashi yolimba ya nayiloni ya mpini wautali, pali pouma pomwepo, mpaka ulusi udzuke, ndiye mupitenso ndi huva. Bwerezani mpaka phokoso la mchenga m'paipi litasiya kumveka. Pakhomo lolowera zingatenge maulendo angapo, ndipo musadabwe kuona thumba likulemera. Likhuthuleni lisanadzaze, likangopyola theka mphamvu yokoka imayamba kutsika. Valani chotseka pamphuno.

3. Wazani mankhwala, muwapatse nthawi

Mankhwala a kapeti otchedwa pre-spray amasungunulidwa m'madzi ofunda n'kuwazidwa ndi kapampu ka pamanja. Kapampuko kakhale ka ntchito imeneyi yokha, osati komwe mudapopera nako mbewu kumunda. Muyeso tsatirani wa pabotolo. Kuonjezera sikuyeretsa kwambiri, kumangosiya zomata zambiri zoti mudzatsukuluze. Ndi chifukwa chomwecho sopo wa ufa wochapira zovala ndi wotsukira mbale sayenera pano: thovu lake silitha, amaumira mu ulusi n'kumakoka fumbi, ndipo thovulo likakwera m'makina limaononga mota.

Wazani kuti ulusi unyowe, osati mpaka madzi afike pansi. Dikirani mphindi 10 mpaka 15, koma asaume. Choncho gawani chipinda m'zigawo zomwe mungathe kumaliza nthawi imodzi, kuyambira kutali ndi khomo.

Mu 1959 katswiri wina wa ku kampani ya Henkel ku Germany, Herbert Sinner, adafotokoza kuti kuyeretsa kulikonse kumadalira zinthu zinayi: mankhwala, kutentha, nthawi ndi kukwecha. Chimodzi chikachepa, zinazo ziyenera kuonjezeka. Mfundoyi ndi yothandiza kwambiri kuno kwathu, komwe nthawi zina madzi otentha sapezeka magetsi atazima. Madzi akakhala ozizira, onjezerani nthawi yodikira ndi mphamvu ya burashi.

4. Kwechani

Mankhwala akadali onyowa, kwechani ndi burashi kapena makina kuti afike kutsinde kwa ulusi. Pa kanjira kakuda pitani mbali ziwiri. Kapeti wa ubweya kapena wa ulusi wautali mumukweche mofatsa, angachite manyunyu.

Madontho apadera muthane nawo panopa. Chingamu chiumitseni ndi ayisi wa m'kajumbo n'kuchiswa ndi supuni. Polishi ndi oyilo zimafuna mankhwala osungunula mafuta, othiridwa pansalu, osati pakapeti penipeni, chifukwa akatsikira pansi amadya guluu.

5. Tsukuluzani ndi kukoka madzi

Makina a ntchito imeneyi amatchedwa extractor: amawaza madzi oyera n'kuwakoka nthawi yomweyo limodzi ndi litsiro. M'thanki yake ikani madzi okha, kapena osakaniza ndi mankhwala otsukuluzira a asidi wofatsa, amene amachotsa zotsalira za sopo. Madzi a madigiri 50 mpaka 60 amathandiza, koma onani kaye m'buku la makinawo kutentha komwe pampu yake imalola.

Kokerani mpini kwa inu uku mukuwaza, kamodzi. Kenako pitaninso kawiri pamzere womwewo osawaza, kungokoka. Mzere wotsatira ukwere pang'ono pa woyambawo. Muziyang'ana madzi akuda omwe akubwera: akayamba kuyera ndipo mulibe thovu, pamenepo patha.

Malo oipitsitsa musawakakamize tsiku limodzi. Ndi bwino kusiya kuti aume, mupite ndi huva, n'kubwereza mawa lake, kusiyana ndi kuthira madzi kasanu mpaka simenti ya pansi itanyowa.

6. Umitsani msanga

Kapeti wotsukidwa bwino amauma m'maola 6 mpaka 12. Akapyola maola 24 ali wonyowa, chuku ndi fungo zimayamba. Ikani mafani pansi kuti mphepo idutse pamwamba pa kapetiyo, mutsegule mawindo mbali ziwiri. M'dzinja, kapena kukachita chiperoni ku Blantyre ndi ku Thyolo, mpweya wa panja umakhala wonyowa kale, ndiye ngati muli makina oziziritsa m'chipinda, tsekani mawindo muwayatse, chifukwa amachotsa chinyezi. Pansi pa miyendo ya mipando ndi matebulo ikani timapulasitiki. Dzimbiri ndi vanishi zikalowa m'kapeti wonyowa zimavuta kuchotsa. Kwa maofesi, Lachisanu madzulo ndiye nthawi yabwino yotsuka, kuti kapeti aume anthu asanabwerere ku ntchito.

Mawa lake mukaona madontho abulauni atatulukira pomwe panali poyera, ndi litsiro la pansi lomwe lakwera ndi madzi pouma. Wazanipo pang'ono, mukoke kwambiri, muumitse ndi fani.

Mwini nyumba muuzeni zoona ntchito isanayambe. Mchenga ukakhala zaka m'kapeti umakanda ulusi, ndipo ulusi wokandika suwalanso ngakhale utayera bwanji. Kanjira kadzayera, koma mthunzi wake ungatsale. Ngati ndi kapeti wa timabwalo, sinthanitsani ta pakhomo ndi ta pansi pa makabati.

Nanga makina mugule ati?

Ngati ndalama zikukwana chinthu chimodzi chokha, gulani huva yabwino ya burashi yozungulira, yopangidwira ntchito ya tsiku lonse. Ofesi ya zipinda zochepa sikufunika kukhala ndi extractor yakeyake. Itanani akatswiri kamodzi kapena kawiri pachaka. Powalemba ntchito afunseni ngati amayamba ndi huva komanso kuti kapeti adzauma m'maola angati. Akayankha kuti masiku awiri, funani ena.

Loji, holo kapena kampani yoyeretsa ndiye ikufunika extractor. Ogulitsa amakonda kutamanda mphamvu yowazira madzi, koma chofunika kwambiri ndi mphamvu yokoka, chifukwa madzi omwe mwathira muyenera kuwatulutsa. Makina a mamota awiri okoka amaumitsa bwino kuposa a mota imodzi. Kumbali yowaza, psi (muyeso wa mphamvu yomwe pampu imakankhira madzi) 100 mpaka 200 ndi yokwanira makapeti ambiri a m'maofesi ngati mwakwecha bwino. Timakina ting'onoting'ono ta malita 6 mpaka 10, monga Numatic George kapena Kärcher Puzzi, ndi tabwino pa zipinda zogona alendo, masitepe ndi mipando. M'holo mungatope ndi kutunga ndi kutaya madzi. Kumeneko funani a malita 30 kupita m'mwamba.

Za magetsi muziwerengere musanalipire. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya maampu 13, ndipo pa mavoti 230 imanyamula pafupifupi mawati 3000. Mamota awiri ndi pampu zimatha kudya mbali yaikulu ya mphamvuyi, ndipo chotenthetsera madzi pachokha chimafuna mawati 2000 kapena kuposa. Ndiye chifukwa chake makina akuluakulu amabwera ndi zingwe ziwiri, zomwe siziyenera kulowa pa adaputa imodzi. Ochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira. Muitane wa zamagetsi aone ngati ingasinthidwe, osati kulowetsa mawaya osenda m'soketi. Otchipa a pa intaneti ochokera ku America ambiri ndi a mavoti 120, asiyeni. Jenereta nayo ikhale yoposa mawati omwe alembedwa pamakina, popeza mota imakoka kwambiri poyamba kuzungulira.

Pokwecha malo aakulu, abwino koposa ndi makina a maburashi awiri ozungulira mosemphana, chifukwa amadzutsa ulusi ndipo amagwiranso ntchito pouma. Makina a chimbale chimodzi opukutira pansi, omwe makampani ambiri ali nawo kale, angathandize ngati ndi oyenda pang'onopang'ono, maulendo 150 mpaka 175 pamphindi, atavekedwa burashi yofewa ya kapeti. Othamanga kwambiri owalitsira matailosi asakwere pakapeti: kutentha kwake kumasungunula polypropylene. Ena amaveka makinawa chinsalu chonyowa n'kupukuta pamwamba. Zimaoneka bwino alendo akamabwera mawa, koma litsiro la pansi silisuntha. Mpope wa kotsukira magalimoto nawo si wa kapeti womatidwa m'nyumba.

Musanatulutse ndalama, funsani wogulitsa ngati ali ndi masefa, malamba, mapaipi, timilomo towazira ndi makala a mota (timakala ta mkati mwa mota tomwe timaperepeseka n'kufuna kusinthidwa), komanso amene amakonza makinawo mumzinda mwanu. Makina odula odikira kachipangizo kochokera kunja miyezi itatu amaposedwa ndi wamba omwe amisiri a ku Limbe kapena ku Area 4 amawadziwa. Ngati mumagwiritsa ntchito madzi a pamjigo, chotenthetsera ndi timilomo zimatsekeka ndi laimu, ndiye muzitsuka kawirikawiri ndi mankhwala ake. Thanki ya madzi akuda muzikhuthula ndi kuitsuka tsiku lomwelo, n'kuisiya yotsegula.

Chomaliza kugula, chotchipa kuposa zonsezi, ndi zopondera za pakhomo. Zikhale zotalika mamita 3 mpaka 5 kuti phazi lililonse lipondepo kangapo: chokhakhala panja chopala matope, choyamwa madzi mkati. Muzizipititsa huva tsiku lililonse, ndipo m'dzinja mukhale ndi ziwiriziwiri, china chikamauma china chili pakhomo.