Mmene ndimawerengera nyuzipepala za Chiarmenia ndili pa Kasungu pano

Zinayamba mu Seputembala 2023, anthu a mtundu wa Chiarmenia opitirira 100,000 atathawa ku Nagorno-Karabakh, dera lomwe Armenia ndi Azerbaijan ankalimbirana, kulowera ku Armenia. Mtsikana wina wa Fomu 4 anandifunsa m'kalasi kuti, "Aphunzitsi, nanga eni akewo akuti chiyani?" Ndinagwira njakata, poti zonse ndinkangomvera pa BBC. Madzulo ake ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza.

Musayambe ndi kuloweza zilembo za Chiarmenia, mutopa msanga. Tsegulani tsamba la Armenpress pa Chrome, foni ikafunsa zomasulira muvomere. Armenpress ndi bungwe la boma lofalitsa nkhani, lilipo kuyambira 1918, ndiye muziiwerenga monga mumamvera wailesi ya boma kwathu kuno. Nkhani yomweyo mukaifunenso pa Azatutyun, yomwe ndi nthambi ya Radio Free Europe, kenaka pa Hetq, ya atolankhani ofukula za katangale. Makanema alekeni, amadya bandulo ngati chiswe.

Pamene ndinapunthwa ine ndi apa. Chiarmenia chili pawiri. Cha kum'mawa ndicho cha ku Armenia ndi ku Iran, pomwe cha kumadzulo amalemba ana ndi zidzukulu za amene anabalalika pa kuphedwa kwa mtundu wawo mu 1915. Aztag ya ku Beirut, Asbarez ya ku Los Angeles ndi Jamanak ya ku Istanbul, yomwe ikutuluka kuyambira 1908, zonsezi n'za kumadzulo. Makina omasulira ndaona kuti amayenda bwino ndi cha kum'mawa, akafika pa chinacho amatsimphina. Maina nawonso amasintha: Grigor wa ku Yerevan, likulu la Armenia, amakhala Krikor ku Beirut, Petros amakhala Bedros. Ine sabata yathunthu ndinkayesa anthu awiri, chonsecho ndi mmodzi. Pofufuza dzina, lembani mitundu yonse iwiri.

Funsaninso kuti nyuzipepalayo mwini wake ndani. Aztag ndi Asbarez n'zogwirizana ndi chipani cha Dashnaktsutyun, chomwe chimatsutsa nduna yaikulu ya Armenia, Nikol Pashinyan. Pashinyanyo asanalowe m'boma mu 2018 anakhalapo mkonzi wa nyuzipepala ya Haykakan Zhamanak, choncho musadabwe mbali ziwirizi zikamasimba msonkhano umodzi ngati misonkhano iwiri. Imene ndimaikonda ine ndi Agos ya ku Istanbul, yotuluka sabata ndi sabata m'Chiteki ndi Chiarmenia. Mkonzi wake Hrant Dink anamuwombera kunja kwa ofesi pa 19 Januwale 2007, koma nyuzipepala sinafe naye.

Mukazolowera, gwirankoni zilembo zingapo. Anazikonza ndi Mesrop Mashtots cha m'ma 405, zinali 36, lero ku Armenia amawerenga 39. Zina n'zonyenga maso: ս chimaoneka ngati u koma ndi s, ո chimaoneka ngati n koma ndi o. Timadontho tiwiri tosanjikizana ndi mpumiro, pamenepo chiganizo chatha. Liwu loyamba kulizindikira likhale Հայաստան, Hayastan, dzina limene eni ake amatchula dziko lawo, chifukwa pa mitu ya nkhani silisowa.

Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola awiri, ndiye ndikamamwa tiyi wa 10 koloko mu stafu rumu nkhani za m'mawa zimakhala zatuluka kale. Mtsikana uja ndinamuyankha Lolemba lotsatira, ndipo ndinamuwonjezera ya Azdarar, nyuzipepala yoyamba ya Chiarmenia, yomwe wansembe Harutyun Shmavonyan anasindikiza mu 1794 ku Madras, ku India. Anakana, mpaka tinatsegula mapu.